Mutu 6: Ndege Yokana Kutera

1. Yazimanso

Namzeze anali mtsikana wa folomu yachitatu. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu, chifukwa ndege ikangolira kumwamba iye ankasiya chilichonse n'kukweza maso. Ankatero ngakhale pakati pa masewero, mpira n'kumuwomba pamphumi.

Teremu imeneyo Aphunzitsi a Sayansi anayambitsa kalabu ya zandege. Ophunzira ankayeserera kuyendetsa ndege pa pulogalamu ya pakompyuta. Pulogalamuyo inkaonetsa m'kati mwa ndege monga muliri: mawotchi, mabatani ndi galasi lakutsogolo.

"Pofika Lachisanu madzulo," anatero Aphunzitsi, "aliyense akhale atajambula ulendo wake wonse, kuyambira ponyamuka mpaka potera pabwalo la mumzinda waukulu. Amene adzaonere zojambulazo ndi mayi wina amene amayendetsa ndege zenizeni. Otera bwino adzapitirira m'chigawo chachiwiri. Kunyamuka aliyense amatha. Luso lili potera."

Kusukulu kunali kompyuta imodzi yokha yotha kunyamula pulogalamuyo, ndipo mzere wake sunkatha. Namzeze anali ndi mwayi, pakuti kwawo kunali kompyuta ya amayi ake. Inali patebulo laling'ono pabalaza, pakati pa kabati ya mbale ndi zenera. Amayiwo anali namwino, ndipo ankalemberapo ntchito ya maphunziro awo a uzamba. Anamulola kuti aziigwiritsa ntchito akaweruka kusukulu.

Lolemba masana ndege ya Namzeze inali m'mwamba. Mlongo wake wamng'ono, amene pakhomopo ankamutcha Wailesi chifukwa chosatseka pakamwa, anakhala pamkono wa sofa n'kumaulutsa nkhani.

"Omvera athu, a kaputeni ayamba kutsika! Mzinda uja waoneka! Okwera nonse mangani malamba, ndipo amene mukudya mezani msanga!"

"Takhala chete iwe," anatero Namzeze, dzanja lili pa kandodo koyendetsera.

Nyumba zazitali za mumzinda zinayamba kutuluka m'mitambo. Kenako chithunzi chinanjenjemera. Injini inachita chibwibwi. Zonse zinaima, ndipo pasikirini panatuluka kabokosi koyera kokhala ndi mawu a Chingerezi. Namzeze anakadina mwaukali osawerenga, pulogalamu n'kutsekeka.

"Omvera athu, ndege yasowa m'malere!" anakuwa Wailesi.

Sikanali koyamba. Kuyambira sabata yapitayo zinkachitika chimodzimodzi. Ankanyamuka bwino, kuuluka bwino, koma akangoyandikira mzinda, zii.

2. Mankhwala a Chidule

M'mawa mwake pa nthawi yopuma, Namzeze anafotokozera mnzake wa m'kalabu vuto lakelo. Mnyamatayo ankatchedwa Chidule, chifukwa sankakonda njira yaitali. Ngakhale popita ku laibulale ankadutsa pamaluwa.

"Basi zomwezo?" anaseka Chidule. "Yanganso ikutero. Ndimagwiritsa ntchito ya achimwene anga. Koma mankhwala ndawapeza."

Anatulutsa fulashi yofiira m'thumba la malaya.

"Muli pulogalamu imene ndaikoka pa intaneti. Akuti imachulukitsa mphamvu ya kompyuta kawiri. Ungoiika, nkhani yatha. Ikakufunsa kuti uzimitse chitetezo cha mavayirasi, uvomere. Chitetezocho n'chimene chimatsekereza."

"Iweyo wayesa kale?"

"Ndiika achimwene akangochoka. Tenga, ine ndakopera kale. Lachisanu si patali, mayi."

Namzeze analandira fulashiyo n'kuiika m'thumba la siketi.

Madzulo amayi ake atafika, anavula nsapato zoyera pakhomo n'kudziponya pasofa. Asanapume n'komwe, Wailesi anatsegula nkhani.

"Amayi, achemwali abweretsa mankhwala a kompyuta! Akuti azimitsa chitetezo, kenako ndege izithamanga kawiri!"

Namzeze anamuyang'ana ndi diso loti tionana. Amayi anatambasula dzanja, ndipo iye anawapatsa fulashi ija. Anaitembenuza uku ndi uku, kenako anaiika patebulo.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero. "Za makompyuta ine sindizidziwa kwenikweni. Ndimangodziwa polembera ndi potumizira. Koma za matenda ndimazidziwa. Kuchipatala timalandira anthu amitundu iwiri. Wina amabwera ndi matenda amene anamugwira. Wina amabwera ndi matenda amene anadzimwetsa yekha. Mutu ukamuwawa, mnzake amamutulutsira mapiritsi m'thumba, opanda chikuto, opanda dzina, n'kumuuza kuti awa amachiza zonse. Iye n'kumeza. Akamafika kwa ife, mutu uja ukuwawabe, ndipo impso nazo zayamba kuvuta.

"Ife wodwala akabwera sitithamangira jakisoni. Timayamba tamufunsa. Chikukupweteka n'chiyani? Chinayamba liti? Wadya chiyani? Wodwala amanena yekha matenda ake, ngati womufunsayo ali ndi makutu. Kodi kompyutayi ikamazima sinena kanthu?"

"Imatulutsa kabokosi ka mawu," anayankha Namzeze.

"Mawuwo amati chiyani?"

Namzeze anayang'ana pansi.

"Sawerenga!" anatero Wailesi. "Amangodina ngati akupha nsabwe!"

Amayi anabisa kuseka ndi dzanja, kenako anapitiriza.

"China n'chakuti, mlendo amene akufika pageti n'kunena kuti yambani mwathamangitsa mlonda, ameneyo si dokotala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'kompyutamo muli ntchito yanga ya chaka chonse. Ikawonongeka, ndilibe pena poitenga. Komabe fulashiyi sindikulanda. Wakula. Mawa ndidzakhala kuntchito mpaka madzulo, ndipo iwe udzakhala wekha ndi kompyutayi. Udzachite chimene ukuona kuti n'chanzeru."

Anaikankhira fulashiyo kwa Namzeze n'kunyamuka kukasamba.

3. Inde kapena ayi

Tsiku lotsatira Namzeze ataweruka, anayesanso kuuluka. Ndege inafika pamalo omwe aja n'kuzima. Anayesanso. Inazimanso.

Fulashi yofiira inali pambali pa kiyibodi. Anaitenga n'kuilowetsa. Pasikirini panatuluka chithunzi cha roketi yoyaka moto ndi mawu akuluakulu olonjeza liwiro. Pansi pake panali funso: kodi mukuvomera kuzimitsa chitetezo? Panali mabatani awiri, la inde ndi la ayi.

Kumanzere kwa chithunzicho kunkaoneka kafoda kachikasu kamene amayi ake anakalemba kuti Uzamba.

Wailesi anayandikira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analankhula monong'ona.

"Achemwali, mudina liti?"

Chala cha Namzeze chinakhala pamausi kwa kanthawi. Kenako anadina la ayi. Anazula fulashi n'kuiponya m'chikwama cha kusukulu.

"Ibwerere kwa mwini wake," anatero. "Tatenga foni yapakhomo. Tiulukanso."

"Koma igwanso!"

"N'zimene ndikufuna. Lero ndikufuna igwe, ndimve chimene ikudandaula."

Ananyamukanso. Mzinda utaoneka, chithunzi chinanjenjemera, kabokosi koyera kaja n'kutuluka. Ulendo uno Namzeze anachotsa dzanja pamausi. Anawerenga mawuwo pang'onopang'ono, kenako anawawerenganso mokweza. Ankanena kuti memore yatha, ndipo pulogalamu iyenera kutsekedwa.

"Memore ndiye chiyani?" anafunsa Wailesi.

"Sindikudziwa bwinobwino. Jambula. Safunsa anadya phula."

Wailesi anajambula kabokosiko katatu, chala chake chikuoneka pachithunzi chilichonse.

4. Tebulo ndi kabati

Lachinayi m'mawa, belu lisanalire, Namzeze anapeza Aphunzitsi a Sayansi akutsegula labotale. Anawaonetsa chithunzi chija.

"Aphunzitsi, ikuti memore yatha. Ndiye ndimaganiza zoti ndifufute zithunzi ndi mavidiyo amene ali m'kompyutamo kuti malo apezeke."

"Usayerekeze," anatero Aphunzitsi. "Ukafufuta zinthu za mayi ako pachabe. Tabwera kuno."

Anamutengera patebulo lawo. Kuseri kwake kunali kabati yaikulu ya mabuku.

"M'kompyuta muli kabati, mulinso tebulo. Kabati ndi mosungira zinthu: zithunzi, nyimbo, makalata. Tebulo ndi pogwirira ntchito, ndipo ndilo timalitcha memore. Chilichonse chimene watsegula chimachoka m'kabati n'kubwera patebulo. Tsopano taona."

Anatenga buku n'kulitsegula patebulo. Anatenganso lina, kenako lina, kenako mapu aakulu. Mabukuwo anasanjikizana mpaka botolo la choko linagwa pansi.

"Kodi nditapungula mabuku m'kabatimo, tebuloli likula?"

"Ayi, Aphunzitsi."

"Ndiye vuto lako silili m'kabati. Patebulo padzaza. Mzinda waukulu ndi mapu aakulu kwambiri. Ndege ikamauyandikira, kompyuta imayesa kuutambasula wonse, malo n'kusowa."

Kenako anamuonetsa pa kompyuta ya kusukulu mabatani atatu odina limodzi. Panatuluka windo loonetsa mapulogalamu onse otsegula, ndi mzere wokwera ndi kutsika wosonyeza kudzaza kwa memore.

"Ukatsegule limeneli pambali pamene ukuuluka. Maso ako akakuuza zotsalazo. Ine sindikupatsa yankho, chifukwa kompyuta ya kwanu sindinaione. Woyendetsa ndege amayenera kuwerenga mawotchi ake yekha."

Potuluka Namzeze anakumana ndi Chidule n'kumubwezera fulashi.

"Waika?" anafunsa Chidule.

"Ayi."

"Mantha basi! Ine ndiika lero masana. Tidzaonana m'chigawo chachiwiri, ngati udzafikeko."

5. Katundu wa Amalume

Masana Namzeze anatsegula windo lija asanayambe n'komwe kuuluka. Anadabwa kuona kuti mzere wa memore unali kale pakati. Patebulo panali patayamba kale kudzaza ndege isanabwere.

Anayang'ana mayina a mapulogalamu. Panali masamba a intaneti ambirimbiri amene amayi ake ankawerenga ndipo sankawatseka. Panali pulogalamu ya nyimbo. Panalinso makatuni amene munthu wina anawaimitsa pakati.

"Si ine," anatero Wailesi asanafunsidwe.

Makatuni ndi nyimbo Namzeze anatseka pompo. Za masamba aja anayamba waimbira amayi ake.

"Amayi, pepani ndakusokonezani. Masamba anu aja akudya malo. Ndingawasunge kaye pamodzi kenako n'kuwatseka? Mudzawapeza onse."

"Ngati ndidzawapeza, tseka," anayankha amayi. "Wachita bwino kufunsa."

Mzere unatsika kwambiri. Namzeze anaika ndege pafupi ndi mzinda kuti asamayambire kutali poyesa. Inadutsa pamalo oipa aja. Inadutsa mtsinje, inadutsa nyumba zazitali, ndipo msewu wa ndege unaoneka kutsogolo. Koma mzere wa memore unkakwerabe. Unafika pamwamba penipeni, chithunzi n'kuuma.

Namzeze anagwetsa mutu patebulo.

"Odi kuno! Kodi pachitika maliro?"

Anali amalume ake, achimwene a amayi ake, dalaivala wa lole. Anali atangobwera ku ulendo ndipo m'manja munali thumba la malalanje. Wailesi anawafotokozera nkhani yonse m'mpweya umodzi. Amalume anakoka mpando n'kuyang'anitsitsa sikirini.

"Ndiye ukuti mzerewu ndi sikelo ya katundu?"

"Tingatero, Amalume."

"Nanga kale ndegeyi inkatera?"

"Inkatera. Yayamba sabata yatha."

"Sabata yatha unapakira chiyani?"

Namzeze anakumbukira. Sabata imeneyo ndi pamene anakoka zinthu zowonjezera pa tsamba la eni pulogalamu, pofuna kuti vidiyo yake ikongole. Anaika mitambo yooneka ngati yeniyeni. Anaika magalimoto oyenda m'misewu. Anaikanso mzinda watsopano wokhala ndi nyumba iliyonse, mawindo ake onyezimira, ngakhale mitengo ya m'mbali mwa misewu. Anawafotokozera amalume zonsezi.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwanawe, tamvera. Ine pamsewu ndaona zambiri. Lole imalembedwa pachitseko kulemera kumene ingathe kunyamula. Koma alipo madalaivala amene amati, tiwonjezere matumba pang'ono, tiwonjezere mabedi awa, mbuzi iyi ikwerenso. Pamalo athyathyathya lole imayenda bwinobwino, iwo n'kumaimba mluzu. Vuto limadikira pachitunda. Pamenepo ndi pamene lole imanena zoona. Imafuka utsi, imanjenjemera, kenako imaima. Dalaivala wopusa amatukwana injini. Amathira mafuta achilendo amene wagula m'mbali mwa msewu. Wanzeru amakwera pamwamba n'kuyamba kumasula zingwe. Galimoto si yoipa ayi. Waisenzetsa zoposa msinkhu wake.

"Koma pali chinanso. Ukamafufuza vuto, usinthe chinthu chimodzi chimodzi. Makaniko amene amasintha batire, fyuluta ndi pampu nthawi imodzi, galimoto ikalira sadziwa chimene chinali chovuta. Mawa ikafanso amayambira pachiyambi. Tsitsa thumba limodzi, yesa. Tsitsa lina, yesa. N'zochedwetsa, koma kuthamanga si kufika."

Namzeze anawongoka pampando. Anayamba ndi mitambo. Anaibwezera pa yakale n'kuyesa. Mzere unatsika pang'ono chabe, ndipo ndege inazimanso. Anachotsa magalimoto a m'misewu. Inafika pafupi kwambiri ndi bwalo, koma inazimabe.

Panatsala mzinda uja.

"Umenewo ayi, achemwali," anadandaula Wailesi. "Ndiwo wokongola! Vidiyo yanu idzaoneka ngati yojambula ndi makala."

Namzeze anauyang'ana mzindawo. Anataya masana athunthu kuti aukoke, ndipo anali atauza kale anzake kuti vidiyo yake idzaposa onse.

"Amayi oyendetsa ndege aja akufuna kuona mawindo a nyumba, kapena akufuna kuona kutera?" anafunsa amalume akusenda lalanje.

Namzeze anatsegula foda ya zowonjezera, anachotsamo mzindawo n'kuusunga pambali. Atayesanso, nyumba zinaoneka ngati mabokosi wamba. Koma mzere wa memore unakwera pang'ono, n'kuima. Sunasunthenso.

"Ndi umenewu," anatero Namzeze. "Thumba lolemera linali limeneli."

Pofuna kutsimikiza, anabwezera mitambo yokongola ija n'kuyesanso. Mzere sunafike pamwamba. Mitamboyo anaisiya.

6. Matayala pansi

Dzuwa linali litapendeka pamene Namzeze anayamba ulendo weniweni wojambula. Anatseka windo la memore, anapukuta manja pasiketi, n'kudina batani lojambulira.

Ndege inathamanga pamsewu wake n'kunyamuka. Inadutsa minda, inadutsa mapiri. Amalume anasiya kudya malalanje. Wailesi anaulutsa motsitsa mawu, chifukwa anali atauzidwa kuti akakuwa atuluka panja.

"Omvera athu, tafika pamalo angozi aja. Amene mumapemphera yambani."

Mzinda unaoneka. Chithunzi sichinanjenjemere. Injini inapitiriza kulira bwinobwino.

Chitseko chinatseguka. Amayi anaima pakhomo atavala yunifolomu, chikwama chili paphewa. Amalume anawakwezera dzanja kuti asalankhule. Amayi anangoima pomwepo, nsapato osavula.

Namzeze anachepetsa liwiro. Anatulutsa matayala, ndipo nyali zitatu zobiriwira zinayaka. Mphepo inkakankhira ndege kumanja, iye n'kuibweza pang'onopang'ono ndi kandodo. Msewu wa ndege unakula, mizere yake yoyera n'kumabwera mothamanga. Anakoka kandodo pang'ono kuti mphuno ya ndege idzuke.

Matayala anagunda pansi. Ndege inadumpha kamodzi kakang'ono, inakhazikika, n'kuthamanga pakati penipeni pa mzere. Namzeze anagwira mabuleki. Liwiro linatsika mpaka ndege inaima.

Anadina batani lomaliza kujambula, kenako anakweza manja onse m'mwamba.

"Yatera! Amayi, yatera!"

Wailesi anaiwala pangano lija. Anadumpha pasofa akukuwa kuti omvera onse aimirire. Amalume anamenya tebulo mpaka mbale za m'kabati zinalira.

"Ameneyu ndi dalaivala!" anatero. "Mlongo, mwana wakoyu wandiposa. Ine lole yanga sinaulukepo."

Amayi anaponya chikwama pansi n'kumukumbatira Namzeze ali pampando pomwepo.

"Ndiye wodwala uja anali ndi chiyani?" anafunsa.

"Kudya mopitirira muyeso, Amayi."

Onse anaseka. Kenako Namzeze anatsegula masamba a intaneti aja kuti amayi ake aone. Onse analipo. Foda ya Uzamba inali pamalo pake, yosakhudzidwa.

7. Foni ya Aphunzitsi

Lachisanu m'mawa Namzeze anapereka vidiyo yake kwa Aphunzitsi. Chidule anali atakhala kumbuyo kwa kalasi, nkhope ili khuma.

"Zatha bwanji?" anamufunsa.

"Usandifunse. Nditangoika pulogalamu ija, pasikirini panadzaza zotsatsa malonda. Ukatseka chimodzi zimatuluka zitatu. Pano kompyuta sikutseguka n'komwe. Achimwene aitengera kwa okonza, ndipo sakundilankhula. Kusukulu kuno mzere wadzaza mpaka madzulo. Ine zanga zada."

Namzeze sanamuseke. Pa nthawi yopuma anapempha foni ya Aphunzitsi n'kuimbira amayi ake, kuwapempha kuti Chidule akajambulire pa kompyuta ya kunyumba.

"Abwere," anatero amayi. "Koma fulashi yakeyo aisiye kunja kwa geti."

Masana amenewo Chidule anakhala pampando wa Namzeze. Ulendo woyamba anafuna kudula njira, anatsika mothamanga n'kukatera pa udzu. Wailesi analengeza kuti okwera onse athawira m'tchire. Ulendo wachiwiri anamvera malangizo a Namzeze, anazungulira bwinobwino, ndipo anatera pamsewu. Anathamanga nayo vidiyoyo kusukulu Aphunzitsi asanatseke labotale.

Patapita masiku angapo, banja lonse lili pabalaza masana a Lamlungu, foni ya amayi inalira. Anali Aphunzitsi a Sayansi. Amayi anakweza mawu a foniyo kuti onse amve.

"Mayi, ndili ndi nkhani yabwino. Amayi oyendetsa ndege aja aonera mavidiyo onse. Akuti mwana wanu anatera bwino kuposa aliyense. Achita chidwi ndi mmene anabwezera ndege pamzere mphepo ikuikankha. Chidule nayenso wadutsa, ngakhale kuti wadutsira pakhomo lopapatiza."

Namzeze analumpha n'kumuzunguza Wailesi m'mwamba. Amalume, amene anabwera kudzacheza, anavula chipewa n'kumuveka Namzeze.

"Sindinamalize," anatero Aphunzitsi. "Chigawo chachiwiri sichidzakhala cha pakompyuta. Loweruka likubwerali amayiwo akufuna mwana wanu akhale woyamba kupita kubwalo la ndege. Adzakwera nawo ndege yaing'ono ya mipando iwiri, n'kukhala kutsogolo pambali pawo. Akadzafika m'mwamba adzamugwiritsako chiwongolero."

Namzeze anamutsitsa Wailesi pang'onopang'ono. Kumwetulira kunachoka. Anakhala pansi, manja ali pamaondo.

"Ndege yeniyeni?" anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono. "M'mwamba mwenimweni?"

Amalume anamuyang'ana modabwa. "Nanga si zimene umafuna?"

"Amalume, inu simukudziwa," anatero Wailesi. "Achemwali amaopa pamwamba! Ngakhale kukwera patebulo kuti asinthe babu amanjenjemera miyendo. Amatuma ine!"

Amayi anayang'ana mwana wawo, ndipo mwanayo anayang'ana pansi.

"Halo? Mukundimva?" anatero Aphunzitsi pafoni. "Amayiwo akudikira yankho lero. Ndiwauze kuti mwana wanu abwera?"

Amayi ananyamuka pasofa, anadutsa pabalaza, n'kuika foniyo m'dzanja la Namzeze.